Mwana akati mtedza umamuwenga, mumvereni

Teremu yathayi mtsikana wina wa Fomu 2 pasukulu yomwe ndimaphunzitsa adatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha mpiru wotendera. Adadya nkhomaliro kwa anzake. Pasadathe mphindi 20 milomo idatupa, thupi lonse lidatuluka ziwengo, mawu adasasa, ndipo popuma ankalira ngati wenzulo.

Anthu atathamangira, nzeru zidachuluka. Ena amvekere amudyetsa mankhwala, ena ankafuna mkaka, mayi wina adali atasungunula kale mchere kuti mwanayo asanze. Mwamwayi mphunzitsi mnzanga sadamvere zonsezo, adangoitana wakabaza wa njinga yamoto.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti mwanayu ankanena kuti mtedza umamuwenga. Anzake ankati ndi matama. Nanenso, ndisaname, ndidaseka: mwana wakumudzi angadane bwanji ndi nsinjiro?

Zimachitika ndithu. Mwa anthu ena chitetezo cha m'thupi chimaona mapuloteni a mumtedza ngati mdani, ndiye chimamwaza histamine ndi zina m'thupi monse. Mitsempha ya magazi imatakasuka, BP imatsika, kukhosi kumatupa mpaka mpweya kusowa podutsa. Achipatala amati anaphylaxis. Sizilira mbale yodzaza ayi, chipande chomwe chatakasa ndiwo zotendera n'chokwanira. Ndipo poti ulendo watha zidathera pakuyabwa sindiye kuti lero zitheranso pomwepo.

Si mtedza wathu wokha. Ena amawengedwa ndi macadamia, kapena walnut amene amabisala m'makeke ndi chokoleti za m'masitolo. Ena nsomba, mazira, ngakhale mbola ya njuchi.

Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline, wobaya pantchafu, ndipo amafunika msanga. Piriton amene timamudalira uja amangochepetsa kuyabwa, satsegula kukhosi. Podikira thiransipoti, wodwalayo mugonekeni chagada miyendo ili m'mwamba. Ngati akubanika, akhale tsonga. Musamuyendetse wapansi, musamumwetse kanthu mokakamiza. Akapezako bwino musafulumire kuchoka naye kuchipatala, chifukwa vutoli limatha kubwereranso patapita maola angapo.

Mtsikana uja adachira ndipo wabwerera m'kalasi. Ndidapita kukaona fomu yomwe makolo ake adalemba pomulembetsa sukulu. Muli dzina la mfumu, mudzi, mpingo, koma funso la chakudya chomwe chimamuwenga mwana mulibe. Lolemba ndidafunsa ana 64 a m'kalasi mwanga mmodzimmodzi, ndipo atatu adatchula zawo. Mayina awo ndawalemba kuchikuto cha rejisitala, ndipo ndauza aphunzitsi aakulu kuti fomu ija tiwonjezeremo mzere umodzi.