Tikumanga uvuni n'kumati ndi chitukuko

Ku Karoi, kumene makolo athu ochokera ku Nyasaland ankalima fodya m'mafamu a azungu, nyumba zambiri zatsopano zikufanana: malata otsika, mazenera aang'ono, khonde palibe, mitengo inadulidwa. Okutobala akafika ana amalephera kugona, ndipo magetsi akazima fani imangoti zii. Kodi chitukuko n'chimenechi?

Mu 1996 ku Harare anatsegula Eastgate. Mick Pearce anajambula pulani yake potengera nzeru za chiswe m'chulu: mpweya wozizira umalowera pansi, wotentha n'kutulukira pamwamba. Nawonso agogo athu ankaziziritsa nyumba ndi udzu komanso khonde, popanda waya.

Abale, kwezani denga, ikani siling'i, mazenera ayang'anizane, bzalani mango kumadzulo kwa nyumba. Tikaleka kumanga khonde, adzukulu athu adzaiwala ngakhale dzina lake.