Kwa aphunzitsi anga a masamu a Fomu 3

Aphunzitsi,

Sabata yatha ndinkakhoma zikhomo za maziko a chipinda cha mamita 4 mbali zonse. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anakoka tepi kuchokera pa ngodya imodzi kukafika pa ngodya yopingasa, n'kupeza kuti yatsala pang'ono kukwana mamita 5 ndi masentimita 66. Anandifunsa kuti muyeso wake weniweni ndi uti. Ndinamuuza kuti palibe tepi imene ingausonyeze ndendende, ndipo pomwepo ndinakumbukira inu.

Tsiku lina m'kalasi munajambula bokosi pa bolodi, mbali iliyonse 1, n'kunena kuti mzere wopingasa ndi square root ya 2. Mnzathu wina anadina calculator n'kuwerenga 1.4142135 monyadira. Inu munati makinawo angolekeza pamene malo awathera, nambalayo siinathe. Kenako munatenga choko.

Ndikukumbukirabe njira yonse. Tiyerekeze kuti ndi fulakishoni, a/b, yochepetsedwa mpaka pomaliza. Ndiye kuti a × a = 2 × b × b. Choncho a × a imagawika ndi 2, ndipo a nayonso iyenera kugawika ndi 2, chifukwa nambala yosagawika ndi 2 ukaichulukitsa ndi iyo yomwe, yankho siligawikanso ndi 2. Tikalemba a ngati 2 × c, timapeza kuti b × b = 2 × c × c, ndiye b nayo imagawika ndi 2. Koma tinagwirizana kuti fulakishoniyo inachepetsedwa kale! Kalasi inakhala chete, ndipo munatisiya tidzionere tokha kuti fulakishoni yotereyo kulibe.

Chimene ndikuthokozera kwambiri n'chakuti simunatiuze kuti tingoloweza. Zinthu zambiri kusukulu tinkazivomera chifukwa zalembedwa m'buku. Ichi chokha ndinachitsimikiza ndi mutu wanga, ine mwana amene masamu ankandivuta.

Munatiuzanso kuti nambala yathunthu ili ndi njira ziwiri basi. Ikakhala ngati 9, 16 kapena 25, square root yake ndi yathunthunso. Ikapanda kutero, monga 3, 5 kapena 32 ya chipinda changa chija (4 × 4 kuphatikiza 4 × 4), square root yake silembeka ngati fulakishoni. Zapakati palibe. Amisirife timawongola ngodya ndi 3, 4 ndi 5, ndipo zimatikomera chifukwa 9 kuphatikiza 16 ndi 25, tepi imagwera pa 5 penipeni.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti Ababulo analemba muyeso wa mzere wopingasa wa bokosi uja pa phale ladongo zaka zoposa 3,500 zapitazo, molondola modabwitsa, ndipo phalelo likusungidwa ku Yale. Iwo anayandikira kwambiri. Agiriki, otsatira a Pythagoras, ndiwo anazindikira kuti fulakishoni singafikepo, ndipo Plato analemba kuti Theodorus wa ku Cyrene anasonyeza zomwezo pa nambala zina mpaka 17.

Madzulo a tsiku limene tinayeza maziko aja ndinalemba a ndi b pansi ndi msomali, monga munkachitira pa bolodi. Ndisanamalize, mnyamata uja anandidula mawu: "Bwana, ndiye kuti b nayonso imagawika ndi 2!" Ndinalakalaka mukanakhalapo kuti mumumve. Mawa ndimupatsa 3 kuti ayese yekha.

 

Ine wophunzira wanu wakale,
mmisiri womanga nyumba