Sungani risiti yanu: tiwerengere limodzi amene akulipira msonkho m'dziko muno

 Uthengawu ndi wautali pang'ono, tikudziwa kuti bandulo ndi yodula, koma werengani mpaka kumapeto chifukwa kudula kwa banduloko ndi mbali ya nkhani yomweyi.

Masiku apitawa tamva mawu omwe aja akubwerezedwa: achinyamata inu mukulongolola chiyani pomwe simulipira msonkho? Mulibe ntchito, mulibe payslip, ndiye boma likutengerani chiyani? Funsoli tiliyankha lero.

Ena mwa ife tinakhalapo m'kalasi ya economics chaka choyamba ku yunivesite. Digiri ili m'chikwama, ntchito sinapezeke, koma zomwe tinaphunzira sitinaiwale. Phunziro la msonkho silovuta ngati mmene amalionetsera akuluakulu pa wailesi. Pali msonkho umene gawo lake limakula munthu akamapeza zambiri, umene mabuku amautcha progressive. Pali wina umene umaluma kwambiri wosauka kuposa wolemera, ndiwo regressive. Ndipo mfundo yakuti aliyense apereke molingana ndi mphamvu zake si ya ife a m'misewu ayi. Adam Smith, amene anthu okonda msika amamulemekeza ngati agogo awo, anailemba m'buku lake la 1776.

Tsono tengani risiti ya m'shopu iliyonse muyang'ane m'munsi. Mupeza mzere wa VAT. Kwa zaka zambiri msonkhowu unali pa 16.5 peresenti, ndipo sufunsa kuti ndinu ndani. Nduna ikagula paketi ya shuga, mnyamata wa kabaza akagula paketi yomweyo, onse asiya ndalama yofanana ku MRA. Pongomva zikuoneka ngati chilungamo, eti? Tiyeni tiwerengere.

Tiyerekeze mlongo wathu wogwira ntchito mu saluni, amene amapeza K100,000 pamwezi. Sasunga kalikonse, mwezi usanathe yonse yapita. Tinene kuti theka la ndalamayo, K50,000, amagulira zinthu zokhala ndi VAT. Pa 16.5 peresenti, msonkho umene uli m'kati mwa K50,000 imeneyo ndi pafupifupi K7,000. Ndiye kuti pa K100 iliyonse imene wakhetsera thukuta, K7 yapita. Tsopano tiyerekeze bwana wopeza K6 miliyoni pamwezi. Ngakhale atadya bwino chotani, mimba ndi imodzi. Tinene kuti amawononga K1.5 miliyoni pa zinthu za VAT. Msonkho wake ndi pafupifupi K212,000. Ndi ndalama yambiri, inde, koma pa K100 iliyonse imene wapeza wapereka K3.50 yokha. Yotsalayo wagulira puloti, wamangira nyumba ya lendi, kapena waisunga ku banki ikubereka. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ikanipo anu, muona kuti yankho likutulukira komweko: amene amadya zonse zimene wapeza ndiye amasenza gawo lalikulu.

Tisaname: si zonse zili ndi VAT. Chimanga ndi ndiwo zamasamba za pamsika sizikhomedwa msonkhowu. Ndipo bwana uja amadulidwa PAYE, umene umakweradi malipiro akamakwera. Izi tikuvomereza. Koma PAYE imagwira munthu wa payslip yekha: mphunzitsi, namwino, wapolisi, kalaliki. Iwowa alibe kothawira, ndalama imadulidwa asanaione n'komwe. Chuma chenicheni m'tauni muno sichidutsa pa payslip. Chili m'mapuloti, m'nyumba za lendi zimene eni ake amalandira ndalama pamanja popanda risiti, m'makontirakiti a boma. Nonse mumalipira lendi, tiuzeni, ndi angati amene landilodi anakupatsanipo risiti?

Komanso VAT si yokha. Pa mayunitsi ndi bandulo pali msonkho wina wa excise pamwamba pa VAT, ndipo mu 2015 boma linauika ngakhale pa mameseji ndi intaneti. Mu mtengo wa lita ya petulo muli ma levy angapo, ndipo kondakitala akakweza mtengo wa minibasi ndi inu mukuwalipira. Galimoto ikadutsa pa tollgate ya Chingeni kapena Kalinyeke, ndalamayo imabwera kudzakupezani pa mtengo wa tomato. Mayi wogulitsa mandasi amadula tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, agulitse asagulitse. Ndiye munthu wofunsira ntchito pa foni, wokwera minibasi kupita ku intavyu, amene akumuuza kuti salipira msonkho, walipira kale kangapo dzuwa lisanafike pamutu.

Nanga kumtunda kuli bwanji? Aphungu a Nyumba ya Malamulo, anthu omwewo amene amavomereza misonkhoyi, amaloledwa kuitanitsa galimoto popanda kulipira duty. Mnyamata amene wasonkha ndalama zaka zitatu kuti agule kagalimoto ka taxi amalipira yonse pa boda. Ku Kayelekera ku Karonga, kampani ya Paladin ya ku Australia inakumba uranium itapatsidwa mgwirizano wochepetsa msonkho, ndipo royalty imene lamulo linkati ikhale 5 peresenti inatsitsidwa. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti dziko lino linataya ndalama zoposa madola 43 miliyoni a ku America m'zaka zisanu ndi chimodzi pa mgodi umodzi wokhawo. Palibe anamangidwa, pakuti zambiri zinali zololedwa. Apa ndi pamene pakupweteka: wamkulu safunika kuzemba msonkho usiku, amangopita ku ofesi masana n'kukasainirana pepala.

Zotsatira zake zinayezedwa kale. Lipoti la Oxfam la 2015 linapeza kuti mu 2004, anthu khumi olemera kwambiri pa 100 alionse ankagwiritsa ntchito ndalama zochuluka ka 22 kuposa anthu khumi osaukitsitsa. Pofika 2011 zinali ka 34. M'kalasi muja ankatijambulira mzere wopindika pa bolodi n'kutiuza za Gini, nambala imene ikakhala 0 ndiye kuti onse akupeza mofanana, ikafika 1 ndiye kuti munthu mmodzi watenga zonse. Ya Malawi inakwera kuchoka pa 0.39 kufika pa 0.45 m'zaka zomwezo. Mzerewo simufunika digiri kuti muuone. Imani pa Area 10 muyang'ane mipanda, kenako kwerani minibasi mutsike ku Mtandire. Kafukufuku wa NSO wa 2019 mpaka 2020 anapezanso kuti theka la Amalawi ndi osauka.

Pali msonkho wina umene sulembedwa pa risiti. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anali ndi nyumba kapena madola anagona tulo. Amene anali ndi kamalipiro ka kwacha anadzuka katatha mphamvu. Gawo la malipiro losadulidwa msonkho linafika pa K100,000 mu 2020, anthu anaomba m'manja, koma mitengo inathamanga kulisiya m'mbuyo. Malire amenewa akamachedwa kusunthidwa pomwe zinthu zikukwera, wantchito wamng'ono amalowa mu msonkho asanalemere ngakhale ndi tambala.

Wina anena kuti boma lilibe ndalama, lili ndi ngongole, VAT ndi yosavuta kutolera. Zoona, ndi yosavuta. Kutolera kwa mayi wa mandasi n'kosavuta chifukwa alibe loya. Ife sitikukana msonkho, mumve bwino pamenepa. Tikufuna mankhwala ku Queens ndi ku Central, tikufuna madesiki kusukulu, ndipo zimenezi sizigwa kumwamba. Koma tikukumbukanso Cashgate ya 2013, pamene pafupifupi K24 biliyoni inasowa ku Capital Hill m'miyezi isanu ndi umodzi. Munthu amene anabedwapo ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalama yake ikupita asanapereke ina.

Tikukumbukanso 2011. Bajeti ya zero deficit inaika VAT pa buledi, nyama ndi mkaka, mafuta akusowa, ndipo pa 20 July anthu anatuluka m'misewu. Anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri ku Mzuzu. Sitikufuna maliro ena, n'chifukwa chake tikulankhula ndi manambala nthawi ikadalipo. Ndipo kulankhula kumagwira ntchito: VAT ya pa mafuta ophikira inachotsedwa mu 2022 anthu atadandaula kwa nthawi yaitali. Ku Kenya mu June 2024, achinyamata anawerenga Finance Bill ndime ndi ndime, kumasulirana pa mafoni, mpaka William Ruto anakana kuisaina.

Zimene tikufuna boma liyankhe n'zosavuta kumva. Litulutse poyera mndandanda wa makampani ndi anthu onse amene anakhululukidwa msonkho, ndi ndalama zimene dziko likutaya pa aliyense. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye si chisomo chimene tikupempha. Galimoto za duty free za aphungu ndi nduna zithe. Excise ya pa bandulo ichoke, popeza masiku ano ngakhale kufunsira ntchito kumafuna intaneti. Ndipo gawo losadulidwa PAYE lizisunthidwa chaka ndi chaka molingana ndi kukwera kwa mitengo, osadikira nyengo ya kampeni.

Pakadali pano ntchito yanu ndi iyi. Kwa sabata imodzi musataye risiti iliyonse. Akakumanani, ifunseni, ndi ufulu wanu. Lembani pambali mayunitsi, thiransipoti ndi tikiti ya pamsika. Lamlungu muphatikize VAT yonse, muigawe ndi ndalama imene mwapeza sabata imeneyo, mutumize nambalayo kwa amene amakutumizirani mauthengawa, popanda dzina lanu. Tikaziphatikiza tikazitula ku misonkhano imene Unduna wa Zachuma umachititsa bajeti isanalembedwe, komanso kwa phungu wa dera lililonse. Tsiku lokumana ndi malo ake tidzatumiza pompano.

Tumizani uthengawu kwa anthu asanu, makamaka amalume aja amene amati simulipira msonkho.