Motoka iwale, koma cifuwa ca mnyamata cisalipire

Aliyense amene amakwera basi tsiku ndi tsiku anaionapo. Kuseri kwa mpanda ku Chilenje, pansi pa mtengo wa mango ku Matero, m'mbali mwa mseu ku Garden, pamakhala motoka yakale yoimikidwa pa mabuloko, magalasi atamatidwa manyuzipepa, thupi lonse lili mawangamawanga ngati nkhanga. Ina ndi Peugeot 504 imene anasiya atate, ina Datsun 120Y, ina Land Rover, ina Fiat ya masiku aja pamene Livingstone Motor Assemblers inali kumanga mamotoka muno m'Zambia. Eni ake onse afuna cinthu cimodzi: kuti tsiku lina ituluke pa geti ikuwala ngati galasi, a pa siteshoni atembenuke, kondakita aiwale cenji.

Ife tilibe nazo mlandu. Kudzutsa motoka ya zaka 40 kapena 50 m'malo moigulitsa kwa ogula zitsulo ndi nchito yabwino, ndipo imadyetsa mabanja a owongola ndi opopera penti m'makomboni. Cimene tikukana ndi mau aja amene mwini motoka amakonda kuuza mnyamata wa penti: "Iwe, nifuna pa Sondo ikhale yasila." Mau amenewo ndi amene amaononga penti, ndipo tiona kuti amaononganso munthu.

Kuwala sikukhala mu citini. Penti ali ngati madzi: amatsata cimene apeza pansi pake. Ngati citsulo cili ndi mafunde, penti wowala amaonetsa mafundewo kuposa penti wakale wozilala, makamaka akakhala wakuda. Ndiye cifukwa cake odziwa nchito amatha milungu pa kukonza thupi, koma kupopera kwenikweni kumatenga maola owerengeka cabe.

Coyamba ndi dzimbiri. Pomwe citsulo cadyeka mpaka kubooka, mankhwala ake ndi kudula ndi kuwocherera cina. Ambiri amaphimba bowo ndi fila, ena amayamba akankhiramo nyuzipepa kapena waya wa sefa. Fila anapangidwira kusalaza tizigwa ting'onoting'ono, mamilimita awiri kapena atatu. Akakhala wocindikala ngati nsima amang'ambika, madzi amalowa, ndipo dzinja limodzi likapita penti amatukumuka matuza. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu okwera ma HiAce mumadziwa bwino zimenezi: kunja basi ikunyezimira, koma mukakhala pa mpando wa kumbuyo muona mseu ukuthamanga pansi pa nsapato zanu.

Kenaka ndi sandipepa, ndipo apa ndi pamene anthu amatopa. Nambala yaing'ono ndi yokhakhala, yaikulu ndi yosalala. Fila amayamba ndi 80, kenaka 180, kufika ca ku 320 asanapake praima. Praima akauma amapalidwa ndi 400 mpaka 600, kapena 800 ngati penti wa pamwamba ndi wa metallic. Mukalumpha nambala, mikwingwirima ya sandipepa yokhakhala imabisala sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye penti akakhazikika imatulukira yonse. Sandipepa igwiridwe pa kathabwa kosalala kapena pa buloko ya labala, osati ndi zala, cifukwa zala zimakumba timizere. Akatswiri ali ndi kanzeru kochipa: amawaza penti wakuda pang'ono cabe pa praima, ndiye amapala. Pomwe pakhalira kuda ndi pamene pali cigwa. Maso anama, koma kadontho kakuda kaja sikanama.

Musanapopere, thupi lipukutidwe ndi mankhwala ocotsa mafuta. Kadontho ka oilo, girisi wa m'manja, ngakhale polishi uja amawaza pa matayala ndi pa dashboard, amapangitsa penti kuthawa n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. Kompresa nayo imatuluka thukuta m'kati mwa thanki. Ikhuthulidwe madzi, ndipo pa paipi pakhale kosefera, apo ayi gani idzalavula madzi pa boneti panthawi imene simufuna.

Manje nyengo ya Lusaka. Mu August mphepo imanyamula fumbi la komboni yonse n'kulikhazika pa penti wamuwisi. Mu October masana thina amauma penti asanafike pa citsulo, ndipo thupi limatuluka lokhakhala ngati sandipepa yomweyo. M'dzinja cinyontho cimayeretsa penti wa cellulose ngati wathiridwa mkaka. M'mawa wa June kuzizira kumacedwetsa kuuma, penti n'kuyamba kutsika misozi. Nthawi yabwino ndi m'mawa wopanda mphepo, dzuwa litatenthetsa pang'ono, motoka ili pa mthunzi, pansi pothiridwa madzi kuti fumbi ligone. Ndipo dziwani ndandanda ya malaiti ya kwanu. Kompresa ikazima muli pakati pa denga, mzere umenewo udzaoneka mpaka kale.

Za kupopera sitinena zambiri, cifukwa dzanja limaphunzira pa citseko cakale, osati mu nyuzipepa. Gani ikhale pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20, iziyenda molunjika, mzere uliwonse uzikwera theka la unzake. Pakati pa makoti dikirani mphindi 10 kapena 15, malinga ndi zolembedwa pa citini. Muyezo wosakaniza nawo uli pa citini pomwepo. "Nimaziba na maso" ndi amene amabala khungu la lalanje.

Galasi lija limabwera pambuyo, penti atauma n'kulimba. Amapala ndi madzi, sandipepa ya 1500 kenaka 2000, mpaka thupi lonse lizilale ngati laonongeka. Apa mwini motoka amagwira mutu. Ndiye kompaundi ndi makina opukutira zimabweza kuwala, kosalala kuposa kumene gani ingapereke pa bwalo la nyumba. Pa makona ndi m'mphepete pitani mofatsa, penti amakhala woonda pamenepo.

Zonsezi ndi za motoka, ndipo motoka ikalakwika imapalidwa n'kuyambanso. Tsopano za munthu.

Penti amene aliyense afuna masiku ano ndi 2K, uja wosakaniza ndi hardener, cifukwa amalimba ndipo amawala kucokera mu gani. Mu hardener muli mankhwala ochedwa isocyanate. Akapoperedwa amakhala nkhungu yosaoneka bwino ndi maso, ndipo fungo silicenjeza munthu kuti wapuma wokwanira. Amayambitsa mphumu, asima ija. Coipa cake n'cakuti thupi likangoyamba kudana nawo, ngakhale pang'ono pokha amatseka cifuwa, ndipo kawirikawiri munthu amayenera kusiya nchito ya penti. Ku Britain, bungwe la Health and Safety Executive limaika opopera penti pa mamotoka pakati pa anchito amene mphumu ya ku nchito imawagwira kwambiri, ndipo limanena kuti wopopera 2K azivala maski yobweretsa mpweya woyera ndi paipi. Kumeneko n'kumene kuli zipinda zokoka nkhungu. Kuno mnyamata amamanga T-shirt pa mphuno, kapena kamaski ka buluu kotsala pa nthawi ya korona, akamaliza amagula paketi ya mkaka kuti "asuke cifuwa". Mkaka upita m'mimba, penti wapita m'mapapo. Njira zake n'zosiyana.

Ndipo sapuma yekha. Mapuloti athu ndi oyandikana. Nkhungu imalumpha mpanda, imagwera pa zovala za pa waya, pa tomato wa pa kantemba, pa mwana amene waima kuonerera. Fumbi la penti wakale wa mamotoka a m'ma 1960 ndi 1970 likhoza kukhala ndi mtovu, ndipo m'dziko limene lili ndi Kabwe sitifunika kuphunzitsidwa zimene mtovu umacita kwa ana. Thina amagwira moto msanga, pamene mbaula ya aneba ili mamita ocepa cabe. Wotsala amathiridwa mu ngalande kapena pa dothi, m'makomboni monga Kanyama kumene madzi a pansi ali pafupi ndipo ena amatunga pa zitsime zosaya.

Ena adzati, nanga titseke onse? Iyai. Munthu amene waphunzira kuwongola citseko ndi hamala ali ndi luso limene mzinda uno ufuna, ndipo kumuthamangitsa n'kumuwonjezera pa mzere wa ofuna nchito. Njira ilipo, ndipo ndi yomweyo imene imapatsa kuwala kwabwino. Nchito yaitali, ya kudula dzimbiri, fila ndi sandipepa, icitikire kunyumba, popala ndi madzi pomwe zitheka kuti fumbi lisauluke, maski ya fumbi ili pa mphuno, ana ali kutali. Tsiku la 2K, pamodzi ndi praima wa hardener, motoka ipite ku garaji imene ili ndi cipinda copoperamo. Mudzalipira, zoona, koma fumbi ndi tizilombo sizidzamatirira pa penti, ndipo simudzagula zitini kawiri. Amene afunitsitsa kumalizira pa nyumba asankhe penti wopanda hardener, monga cellulose, avale maski ya makatiriji a nthunzi za thina, apopere kutali ndi moto ndi mazenera a anzake. Cellulose amafuna makoti ambiri ndi kupukuta kwambiri, ndipo salimba ngati 2K, koma pa motoka yakale kuwala kwake kofatsa kumakhala bwino. Datsun ya 1975 yonyezimira ngati yakutidwa pulasitiki imaoneka ngati agogo ovala suti ya mdzukulu.

Kwa inu eni mamotoka, ndi inu mabwana a mabasi amene mumafuna basi ipentedwe Ciwelu kuti Mande ikhale pa mzere ku City Market: maski ndi magolovesi zilowe mu mtengo wa nchito, monga mmene thina amalowera. Ngati ndalama ya ma rim inapezeka, ya makatiriji siingasowe. Kwa ogulitsa penti: amene wagula hardener auzidwe pa kauntala cimene wanyamula, m'Cinyanja kapena m'Cibemba, cifukwa tizilembo ta Cingelezi ta kuseri kwa citini palibe amawerenga. Kwa Lusaka City Council, ZEMA ndi TEVETA tikupempha cinthu cimodzi cooneka ndi maso: malo a amisiri m'makomboni okhala ndi cipinda copoperamo cimene anyamata angabwereke pa ola, ndi maphunziro afupiafupi kwa amene anaphunzirira nchito pansi pa mtengo. Misika timamanga, cipinda cimodzi cokhala ndi fani ndi zosefera sicingatikanike.

Kanthu kena musaiwale. Mukasintha mtundu wa motoka, white book imakhala ikunenabe mtundu wakale. Pitani ku RTSA mukasinthitse musanaitulutse, kuti ulendo woyamba wa Peugeot ya atate usathere pa roadblock ya pa Great East Road, ba ofisa akuzungulira motoka yofiira ndi pepala lonena kuti ndi yoyera.