Kodi Phiri la Mulanje Lilibe Anthu?

Anzanga a m'bwalo lino la alembi, ndabwera ndi mlandu. Woyamba kuuyankha ndine ndemwe, tsono musafulumire kuseka.

Pa tchuthi chapitachi ndidakwera phiri la Mulanje ndi kamera yobwereka. Ndisaname, ndinkafuna ndalama. Pali magazini ina ya m'chigawo chino cha Afirika yolemba za kukwera mapiri, kugona m'matenti ndi kupalasa mabwato, ndipo imagula nkhani ndi zithunzi kwa anthu olemba paokha ngati ife. Mkonzi akakonda, amakulipira. Akapanda kukonda, thukuta lako lagwera pansi. Ndidanyamukira pa Likhubula ndi bambo wina wa msinkhu wa atate anga. Iwowo ndiwo adasenza chikwama changa, nandionetsa poterera, nandifulumizitsa ataona kuti chiperoni chayandikira. Tsiku lachitatu tidafika pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ndidawajambula ali chiimire, mitambo ili kunsi kwa mapazi awo.

Nkhani idatuluka. Pa chithunzi mitambo idalipo, miyala idalipo, koma bambo aja adawadula. M'nkhanimo dzina lawo adalifufuta nalembapo kuti "wonyamula katundu". Dzina langa lokha ndilo lidaima pamwamba m'zilembo zonenepa. Ndalama ndidalandira, ndidadya, ndipo kalata yodandaula sindidalembe.

Musaganize kuti ili ndi vuto la mkonzi mmodzi. Chizolowezichi nchakale. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, m'mabuku a sayansi umatchedwa Widdringtonia whytei, kukumbukira Alexander Whyte, ngati kuti anthu a m'tsinde mwa phirilo adali asanauone. Kumene kuli mudzi wa Chembe ku Mangochi alendo amakudziwa ndi dzina loti Cape Maclear, limene David Livingstone adapereka polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Pa phiri lathu lino la Zomba pali Queen's View ndi Emperor's View. Wodzaona ndiye amasiya dzina; womusenzera katundu amabwerera kwawo opanda chomukumbukira.

Ena munena kuti magazini ndi malonda, ndipo woigula watopa ndi piringupiringu wa m'tauni, akufuna kuona malo opanda munthu. Ndamva. Koma malonda asatisandutse onama. Pamene UNESCO idaika Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, chifukwa chake chachikulu chidali anthu: Alomwe, Ayao ndi Amang'anja amene amalemekeza phirilo monga mokhala mizimu ya makolo. Napolo atatsika ku Phalombe mu 1991, ndiponso namondwe Freddy atagumula mapiri mu 2023, ena mwa amene adakwiririka ndi matope adali anthu okhala m'tsinde mwa phiri lomwe lija timalijambula ngati lopanda mwini.

Bodza limeneli lili ndi zotsatira zake. Ukazoloweza owerenga kuti phiri ndi la mitambo ndi mbalame zokha, tsiku limene adzaone mayi atasenza nkhuni adzamuyesa wakuba. Inde, mkungudza watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto wolusa, ndipo zimenezi tisabise. Koma wolemba amene amadula anthu pa zithunzi zake adzafotokoza bwanji chimene chimakweza munthu phiri usiku ndi sowo paphewa? Adzafunsa ndani za amene amagula matabwawo?

Inunso aphunzitsi athu, pepani, mlanduwu wakukhudzani. Mumatiphunzitsa kuti luso lenileni ndi ndakatulo ndi masewero, ndipo nkhani za maulendo mumaziona ngati za ana. Ife tidamvera, nkusiyira ntchitoyi alendo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akagona masiku atatu pa Lichenya, walemba kale za phiri lonse. Tikawerenga timang'ung'udza m'makonde, koma cholembera osagwira.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tiyeni tilembere magazini amenewa, ndalama zake tilandire, pakuti nafenso timagula sopo. Koma usanajambule munthu, yamba wapempha. Funsa dzina lake, ulilembe molondola. Potumiza chithunzi, nena m'kalata kuti chisadulidwe ndiponso dzina lisachotsedwe, ndipo mkonzi akakana, itanitsa katundu wako. Mmodzi akatero adzangomuseka, koma tikatero tonse mkonzi adzasowa zodzazira masamba ake.

Ine ndatsukitsa chithunzi chija chathunthu, chosadula. Tikatsekera ndikwera basi ya ku Mulanje, ndikatsike pa Chitakale, ndikawafunefune bambo aja ku Likhubula. Ndikawapatsa chithunzi chawo, kenaka ndikawauza chimene ndidalola kuti chichitike.