ZA PA NTHAWI YOPUMA: Kodi Blues Tikaimvera Kuti?

Sabata ino tikambe za nyimbo zija azitcha blues, ndi za malo amene munthu angakazimve oimba ali pamaso pake, osati za m'foni ai.

Poyamba tidziwe eni nyimbozi. Blues inabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, makamaka m'minda ya thonje ya ku Mississippi. Muddy Waters, mmodzi wa akatswiri ake, anali woyendetsa thalakitala pa munda wa Stovall. M'chaka cha 1943 anakwera sitima kunka ku Chicago kukafuna nchito, monga momwe makolo athu ankakwerera ya Wenela kudza ku Joni kuno. Usana anali pa nchito, usiku nkumaimba m'nyumba za anthu. Gitala wake wa bokosi sankamveka m'phokoso, tsono anatenga wa magetsi. Chotero mukamva munthu alikudandaula pa gitala za mkazi amene anamsiya kutali, za kapitao wankhanza ndi za ndalama zosakwana, musayese zachilendo. Ameneyo ndi mnzanu wa m'komponi, chasiyana ndi chinenero chokha.

Bvuto nali: malo oimbira mu Johannesburg sakhalitsa. Nyumba ya kanema ya Odin ku Sophiatown, kumene anyamata a jazz ankapikisana pa malipenga, inatha pamodzi ndi mudziwo, boma litayamba kusamutsa anthu mu 1955. Kippies ya ku Newtown, imene anaitcha dzina la Kippie Moeketsi, inatsekedwa mu 2005. The Orbit ya ku Braamfontein inatsegulidwa mu 2014, koma mu 2019 nayonso inatseka zitseko. Ndiye mkulu wina akakuuzani kuti pakutipakuti pali nyimbo zabwino, yambani mwamfunsa chaka chimene iye anapitako, musanataye ndalama ya tekisi.

Nanga mufunse yani? Safunsa anadya phula. Ine ndiona kuti woyamba kumfunsa ndi wogulitsa nsambo za gitala m'sitolo ya zoimbira, pakuti oimba onse a m'deralo adzera pa khomo pake. Wachiwiri ndi mnyamata woliza gitala kapena ng'oma ku tchalitchi kwanu. Ambiri a iwo Lamulungu ali ku guwa, koma adziwa bwino kumene anzao amaimba pakati pa sabata. Za pa Facebook nzothandizanso, komatu onani tsiku limene anazilemba, ndipo imbani foni kwa mwini malo kuti mutsimikize.

Pali usiku wina umene Azungu autcha open mic kapena jam, ndiwo umene ndifuna muusamale kwambiri. Eni malo kawirikawiri amauika pakati pa sabata, masiku amene anthu achepa, ndipo polowa mtengo umakhala wochepa, mwina osalipira konse. Usiku umenewo aliyense aloledwa kuimba. Mufike msanga, mulembetse dzina pa pepala, nimudikire kuitanidwa. Gitala mumchuniretu muli pansi. Akakuitanani, uzani anzanu kiyi imene muimbire, imbani nyimbo ziwiri kapena zitatu, nimutsike anthu akali kukufunani. Munthu womamatira pa maikolofoni ngati nkhupakupa samuitananso kawiri.

Ena mudzati, ife Chizungu chathu nchopereŵera, tikaimba chiani? Imbani m'Chinyanja momwemo. Blues yambiri iyenda pa makiyi atatu okha, nibwerera poyambira nthawi ndi nthawi, monganso marabi a kuno. Woliza ng'oma ndi wa besi adzakutsatani ngakhale asamve liu limodzi. Kumbukani Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene anatola kwela ali ana ku Salisbury, napita nayo kwao. Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza alikuimba mu Blantyre mu 1967, ndipo pambuyo pake Donald anakaimba mpaka ku Ulaya. Kubik yemweyo ndiye analemba buku la Africa and the Blues mu 1999. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Chotsala ndi ulendo wobwerera. Nyimbo zimakoma usiku utapita, pamene matekisi a ku migodi aleka kale kuyenda. Musapite nokha, ndipo mudziwiretu kumene mukagone kapena galimoto imene ikakubwezeni. Ngati m'mawa mwake mulowa pansi, sankhani tsiku lina, pakuti tulo ndi mowa siziyenda pamodzi ndi nchito ya mu mgodi.

Amene mudziwa malo a nyimbo pafupi ndi mgodi wanu, lemberani Mkonzi, mutchule tsiku ndi mtengo wolowera, kuti tiwauze anzathu m'nyuzi ikudzayi.