Liwu Loti "Waukali" Silikwanira

Ophunzira ambiri tikakumana ndi mawu a Chingerezi monga "pugnacious", "belligerent", "aggressive" ndi "hostile", timathamangira kumasulira onsewa kuti "waukali". Ine ndikuona kuti umenewu ndi ulesi, ndipo ungathe kupweteketsa munthu.

Tikafufuza kumene mawuwa adachokera, kusiyana kwake kumaonekera poyera. "Pugnacious" ndi mdzukulu wa liwu la Chilatini loti "pugnus", kutanthauza chibakera. Uyu ndi wandewu, wosachedwa kukunga nkhonya. "Belligerent" lidachokera ku "bellum", nkhondo. M'malamulo a pakati pa mayiko, liwuli limanena dziko limene lili pankhondo, ngakhale litakhala lochita kuputidwa. Nanga dziko lotere tilitche lamtopola? "Aggressive" ndiye bilimankhwe weniweni: wosewera mpira kapena wotsatsa malonda akamunena choncho, nthawi zina n'kumutamanda kuti ndi wakhama.

Koma limene limandidetsa nkhawa ndi "hostile", lochokera ku "hostis", mdani. M'mabwalo a milandu ku Malawi chiyankhulo chake ndi Chingerezi, ndipo anthu ambiri amamva zokambidwazo kudzera mwa womasulira. Kumeneko "hostile witness" si mboni yolusa ayi. Ndi mboni imene yatembenukira mbali yomwe idaiitana, mwina n'kusintha zimene idanena poyamba, moti woweruza amalola mbaliyo kuipanikiza ndi mafunso. Mboniyo ikhoza kukhala gogo wofatsa, woyankhula monong'ona. Womasulira akati "mboni yaukali", gogoyo ndi abale ake adzatuluka m'bwalo akuganiza kuti woweruza wawanena zamwano.